Mabuku Osokedwa ndi Waya

Mvula ikamagwa kwathu ku Misuku, denga la tchalitchi chathu limalira mpaka mlaliki amachita kukuwa kuti amveke. Anthu amanyadira phokoso limenelo. Ine ndikalimva ndimasintha njira, ndimakazungulira kumunsi m'minda ya khofi ngakhale kuli matope ofika m'mawondo. Ana a masiku ano amati mdala uja ndi wachikunja. Anene, pakamwa ndi pawo. Sakudziwa kuti malata ambiri padengapo anagula ndi munthu amene tchalitchicho chinakana kumuyimbira ngakhale ndime imodzi ya nyimbo.

Dzina lake anali Yotamu. Tinakulira limodzi, tinaphunzira sukulu imodzi ya mishoni, ndipo tonse tinkayimba kwaya. Iye anali ndi mawu, ine ndinkangotsatira pambuyo kuti mzere uoneke wodzaza. Sukulu itatha panalibe choti n'kuchita. Khofi anali wa akuluakulu, ife chathu chinali kusenza basi. Ndiye tinapangana zotsika wapansi mpaka ku boma la Chitipa kukalembetsa ntchito ya ku Joni, poti masiku amenewo ndege yonyamula anthu a kumigodi inkatera pomwepo.

Mayi ake a Yotamu, a Nalungwe, anatiperekeza mpaka pamtsinje. Mayi amenewa anali ndi chilonda chimodzi mumtima chimene mudzi wonse unkachidziwa. Amuna awo anakwatira mkazi wachiwiri, mpingo n'kuwadula, ndipo atamwalira anaikidwa m'manda mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda pemphero. Kwathu palibe manyazi oposa amenewo. Pamtsinjepo a Nalungwe anamasula kansalu n'kutulutsa buku la malemba la m'Chitumbuka, latsopano. Iwo kuwerenga sankadziwa, koma anagulitsa nyemba zawo kuti aligule. Anamupatsa Yotamu, kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe mwana wane, ukamuyang'anire mnzakoyu. Adada ake anapita opanda sumu, osayimbiridwa, ngati chiweto. Uyu yayi. Kaya adzafa liti, kaya adzafera kuti, uyu adzamuyimbire."

"Amama, mukundiika m'manda ndisanakwere n'komwe ndege?" anatero Yotamu akuseka.

"Seka. Ine ndanena."

Anthu ukawatchulira za ku Joni amafuna kumva za nsapato zonyezimira ndi mawailesi. Za komponi imene tinkakhalamo safunsa. Tinkagona anthu ambirimbiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana, mbaula pakati, fungo la mabuti onyowa osachoka m'mphuno. M'mawa chikepe chachitsulo chinkatitsitsa mpaka makutu kutsekeka. Pansipo ntchito yathu inali yotapa miyala ndi fosholo, pamalo oti munthu sungaimirire. Umagwada, umakwawa, thukuta n'kumalowa m'maso, pamwamba pako thanthwe likulira tsetsetse ngati likuganiza zoti lichite nawe. Ukatuluka, thupi lonse limakhala la eni ake.

Lathu linali Lamlungu lokha. Ena ankapita ku mowa, ena ku magule, ena ku mapemphero. Mapemphero a ife a kumpoto ankatsogolera a Silasi, munthu wa kwathu komweko, wamkulu kwa ife, wa mawu ofewa ngati batala. Tinkasonkhana kuseri kwa khitchini ya komponi, ndipo miyezi yoyamba ine ndi Yotamu sitinkajomba.

Mabuku anabwera ndi mkulu wina wa ku Lesotho amene ankasesa ku holo ya azungu. Ankatola amene atayidwa, ambiri opanda zikuto, ena ofufuma ndi madzi, n'kumabweretsa kuti anthu azipichirira fodya. Yotamu ataona anagwira mutu.

"Madala, musanawasute tiyambe tawawerenga kaye!"

Tinalipo anyamata angapo amene tinali ndi Chingelezi cha kusukulu, ndipo tonse tinali ndi njala ya chilichonse cholembedwa. Ine ndinkawerenga mpaka zolemba za pachitini cha nsomba. Vuto linali lakuti munthu wochokera pansi amawerenga masamba awiri n'kuyamba kusinza, ndiye buku likanatha chaka lisanafike kwa womaliza. Yotamu anapeza nzeru. Anatenga mpeni n'kulicheka bukulo kumsana, kuligawa magawo. Gawo lililonse analisoka ndi waya wopyapyala wamitundumitundu, uja wotsala akaphulitsa miyala, amene tinkatola pansi. Aliyense ankatenga gawo lake n'kupisa m'thumba, Lamlungu tikakhala padzuwa kuseri kwa mabafa n'kusinthana.

Choncho sitinkawerenga buku kuchokera koyamba mpaka kumapeto ngati anthu ena onse. Unkayambira pomwe mwayi wakugwetsera. M'buku lina lachikondi ine ndinaika maliro a mkazi wina ndisanadziwe kuti ndi ndani, pamene mnzanga wa ku Wenya anali akadali kumufunsira mbeta. Ndinkamuyang'ana mwachisoni, iye n'kumakuwa kuti, "Usandiuze, iwe mfiti!" Masiku amenewo tinkaseka ndithu, ndipo sindikukumbuka kuti ndinasekanso choncho kwina kulikonse.

Tsiku lina a Silasi anabwera kuseri kwa mabafa kuja. Anaimirira, manja kumbuyo, akuyang'ana timabuku tathu.

"Yotamu, buku la amama ako lija bwanji nalo ulichite ngati enawa? Lachitumbuka m'komponi yonse ino ndi lako lokha. Mawu a Chiuta asamagone m'bokosi la munthu mmodzi."

Yotamu anakana kaye. Anati ndi mphatso ya amayi ake. Koma anyamata anamuchonderera, poti aliyense ankalakalaka kuona chinenero chake papepala, ndipo mapeto ake anatenga mpeni uja. Anadula mosamala, n'kusoka bwino kuposa mabuku ena onse. A Silasi anasankha gawo lawo okha, losokedwa ndi waya wofiira, ndipo ankalalikira nalo Lamlungu lililonse atalikweza m'mwamba. Ndikunena za waya wofiirayu chifukwa ndinadzamuonanso.

Kenako kunabwera buku lonenepa lonena za miyala. Palibe amene ankalifuna, munalibe mkazi, munalibe mfuti. Magawo ake onse anathera m'thumba la Yotamu. Bukulo linkati nthaka imene tinkakumbayo kalekale inali mitsinje, ndipo madzi ndi amene anaunjika mchenga ndi miyala pa zaka zosawerengeka, munthu asanakhaleko padziko. Ine nditamva ndinati ndi bodza la azungu.

Tili pansi tsiku lina, Yotamu anandikoka buti. Anaunika pathanthwe ndi nyali ya pachipewa chake.

"Taona apa. Izi ndi chiyani?"

Zinali nsangalabwi. Zoviringa, zosalala, zomatirira m'thanthwe, zofanana ndi za mumtsinje wa kwathu pamene amayi amachapira. Ndinali nditazitapa ndi fosholo miyezi yonseyo osaziona.

"Nsangalabwi imaviringidwa ndi madzi," anatero. "Madzi ake ati pansi pano?"

"Chigumula," ndinayankha msanga.

"Chigumula cha masiku ochepa chingasalaze mwala? Mtsinje wa kwathu wakhala ukugubuduza miyala chibadwire agogo athu, ina mpaka lero ikadali ndi ngodya. Nanga phiri lonseli linadzakhala liti pamwamba pa mtsinje?"

Kapitawo anakuwa, ife n'kubwerera ku mafosholo. Koma funsolo linatuluka nafe m'chikepe.

Anthu anadzanena pambuyo pake kuti Yotamu anataya malemba. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Anayamba kuwawerenga kwambiri kuposa kale, gawo la malemba pabondo ili, gawo la miyala pabondo linalo, mutu ukupita uku ndi uku. Cholakwa chake chinali chakuti mafunso ake sankawabisa. Ankawabweretsa ku mapemphero. Anafunsa za mitsinje ija, a Silasi n'kumuyankha kuti kwa Chiuta palibe chosatheka. Lamlungu lina anafunsa lina.

"A Silasi, azungu aja nawonso lero ali m'tchalitchi chawo, akupemphera kwa Chiuta yemweyu. Mawa atitumiza pansi pa thanthwe limene akudziwa kuti likulira. Ife tikupempha kuti lisagwe, iwo akupempha kuti golide achuluke. Iye amayamba kumvera ndani?"

"Mabuku akuzunguza mutu, mnyamata," anatero a Silasi, mawu aja a batala atauma. "Ngati wabwera kudzayesa Chiuta, usamabwere."

Yotamu sanapitenso. Ine ndinali wa uku ndi uku. Chikepe chikamatsika chikhulupiriro changa chinkakwera, chikepe chikamakwera icho n'kumatsika. Yotamu ankandiseka kuti ndine Mkhristu wa pansi pa nthaka. Tsiku lina ndinamufunsa mosapita m'mbali ngati akutanthauza kuti Mulungu kulibe.

"Sindinatero," anayankha. "Ndikuti gawo limene lili ndi yankho silinandifike. Mwina lili m'thumba la wina."

Uthenga utabwera kuti kwathu akufuna kuchotsa udzu patchalitchi n'kuika malata, Yotamu anatumiza ndalama kuposa wina aliyense wa ife. Analeka kugula nyama, analeka za njinga imene ankailota. Ndinamuseka kuti sindinaonepo wachikunja wofolera tchalitchi.

"Amama amakhala kutsogolo, pomwe pamadontha," anatero, osakweza n'komwe mutu pa zimene ankawerenga.

Nthawi ya a Silasi yogwira ntchito ku Joni inatha. Anabweza gawo lawo la waya wofiira, anatigwira chanza, n'kubwerera kumudzi.

Tsiku limene Yotamu anafa ine ndinali pamwamba, chala chitaphwanyidwa ndi ngolo. Ndinangomva pansi kugwedezeka, makapu achitsulo n'kulira pashelefu. Aliyense m'komponi ankadziwa tanthauzo lake. Mbali imene ankagwira Yotamu inagwa yonse. Anakumba masiku angapo, kenako mabwana anati n'kutaya nthawi, n'kutseka njirayo ndi khoma la simenti. Ntchito inapitirira mbali ina. Ine anandiyitana n'kundipatsa bokosi lake, poti ndinali wa kwawo. Ndinalira ngati mwana, ndipo ndinapsa mtima mosadziwa woti ndimupsere. Timabuku tonse anyamata anatibweza mmodzimmodzi, ine n'kutiika m'bokosimo, ndipo kuwerenga kwa Lamlungu kunathera pomwepo.

Nthawi yanga itakwana ndinabwerera ndi mabokosi awiri. Pa boma panali wapolisi wochokera kum'mwera amene ankasecha katundu, kufuna mabuku oletsedwa ndi mathalauza otambalala m'munsi. Anapisa dzanja m'bokosi la Yotamu n'kutulutsa mulu wa magawo aja.

"Achimwene, izi ndiye ziti?"

"Zopichirira fodya, bwana."

Anaseka. "Inu a kumpoto ndi mapepala! Tsekani, muzipita. Khadi la chipani mwagula?"

Ndinagula pomwepo. Ndinakwera mapiri a kwathu ndikuganiza kuti choopsa ndachidutsa. Munthu wa boma, mlendo, anaona nyansi za mapepala n'kuzisiya. Sindinadziwe kuti ozindikira ali kumudzi.

Tchalitchi chinkaonekera patali, denga likuthwanima. A Silasi ndinawapeza atanenepa, ali mkulu wa mpingo, komanso wapampando wa nthambi ya chipani, baji pajekete. A Nalungwe anali atatha ngati bango. Chimvereni uthenga sanalole kuti mwambo uchitike, ankadikira zovala za mwana wawo. Kwathu munthu akafera kutali mtembo osabwera, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'zovala zake, n'kuliika m'manda ngati iye mwini. Koma bokosi la malemu limayamba latsegulidwa pamaso pa abale ndi akuluakulu, kuti pasadzakhale wonena kuti china chinasowa.

Tsikulo manda anali atakumbidwa kale. Amayi a kwaya anali atakhala pansi pa mitengo, atavala zoyera, mabuku a nyimbo pamiyendo. A Nalungwe anakhala pamphasa pafupi ndi bokosi. Nkhope yawo inali ya chisoni, koma munali kamtendere kena, poti chimene anapempha pamtsinje chija chinali pafupi kuchitika.

Amalume a Yotamu ankatulutsa katundu chimodzichimodzi. Jekete, nsapato, bulangeti, nsalu yatsopano imene anagulira amayi ake. Kenako mapepala aja anakhuthukira pamphasa. A Silasi anawerama, anasanthula, n'kudzuka ndi gawo la m'Chitumbuka. Analikweza m'mwamba monga momwe ankachitira kuseri kwa khitchini.

"Abale, onani nokha. Mawu a Chiuta kuwacheka ndi mpeni ngati nyama ya mbuzi! Ine ndinali komweko. Mnyamatayu ndinamuchenjeza. Anasiya mapemphero, ankanyoza Chiuta pamaso pa anthu. Sindinafune kuwauza amamawa, koma lero umboni ndi uwu. Mpingo sungayimbire munthu wotere."

Ndinaimirira.

"A Silasi, limene mwagwiralo, la waya wofiira, ndi lanu. Amene munapempha kuti bukulo lidulidwe ndinu. Munkalalikira nalo. Nenani kuti ndikunama!"

Sanapse mtima. Anandiyang'ana ngati akundimvera chisoni.

"Zimenezo ine sindikuzikumbuka. Chimene ndikudziwa n'chakuti timabuku ting'onoting'ono tobisa m'matumba totere timayenda ndi anthu aja okana khadi la chipani. Kapena ku Joni munalowa mpingo umenewo nonse awiri? Iwe khadi lako lili kuti?"

Aliyense ankadziwa zimene zinawachitikira anthu a mpingo umenewo, nyumba zawo kutenthedwa, eni ake kuthawira kutsidya la malire. Anyamata a chipani amene anabwera kudzathandiza kukumba manda anaimirira. Ndinatulutsa khadi, analizunguza m'manja n'kundibwezera. Ndinafuna kupitiriza, koma amalume anga anandikoka malaya mpaka ndinagwa chokhala.

"Khala chete iwe," anandinong'oneza. "Nyumba yathu ndi ya udzu."

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsiku limenelo akuluakulu onse anayang'ana zala za kumapazi kwawo, moto n'kukolezedwa pamaso pawo. Anyamata aja anaunjika mapepala onse pakati pa bwalo, a chikondi, a miyala, a malemba omwe, n'kuyatsa. Sanachedwe kupsa. M'phulusa munangotsala tiwaya topiringizika.

A Nalungwe anakwawa ndi mawondo mpaka pamapazi a a Silasi.

"Adada, sumu imodzi pera. Imodzi basi. Mwana wane ndi amene anakufolerani tchalitchi."

"Malata si chiphaso cha kumwamba, amama."

Amayi a kwaya anayamba kutseka mabuku awo. Anadzuka mmodzimmodzi, kusasa fumbi, n'kumapita. Wina amene ankayimba nafe kale ankalira, koma naye anapita. Thunthu la nthochi tinalikulunga m'jekete ya Yotamu, n'kulitsitsira m'manda pafupi ndi a bambo ake. Chimene chinkamveka ndi makasu okha.

Anthu atabalalika, a Nalungwe anandigwira mkono kuti nditsale. Kumwamba kunali kutada, mphepo ya mvula ikugwedeza masamba a nthochi. Anamasula chitenje m'chiuno n'kutulutsa gawo limodzi. Anali atalibisa polikhalira pamphasa paja, anthu onse akuyang'ana a Silasi.

"Ndinatenga lakuda kwambiri," anatero. "Limeneli ndiye zala zake zinaligwira chomene. Werenga."

Ndinalitsegula. Linali la Chingelezi, la miyala, m'mphepete muli zidindo za zala za fumbi la mumgodi.

"Amama, ili si la malemba. Ndi limodzi mwa aja akunenawa."

"Sindinakufunse kuti ndi la ndani. Werenga zimene ankawerenga mwana wane."

Ndinawerenga, chiganizo chimodzi m'Chingelezi, n'kumamasulira m'chinenero cha kwathu momwe ndikanathera. Za mitsinje yakale imene inkayenda kulibe munthu woiona. Za madzi ogubuduza miyala mpaka kuisalaza. Za mchenga wodzaunjikana pamwamba pake, zaka ndi zaka, mpaka kusanduka thanthwe. Iwo anamvetsera maso ali pamanda, osaphethira.

"Ndiye pamene wagona mwana wane panali mtsinje?"

"Eya, amama. Nsangalabwi zake ndinaziona ndi maso angawa. Ndi iye anandionetsa."



"Mwana uja ndi mitsinje," anatero. "Ndikamutuma madzi ankabwera dzuwa litapendeka. Ndinkamukwapula."

Kenako anayamba kuyimba. Mawu awo anali osweka, ndipo ndime zina ankazisokoneza. Ine ndinatsatira pambuyo monga ndinkachitira kwaya. Sumu ya Yotamu inali imeneyo, yoyimba anthu awiri, wina wosadziwa kuwerenga, wina wosadziwa ngati akukhulupirira zimene akuyimbazo. Sitinaimalize. Mvula inayambira kumtunda, ndipo isanatifike tinamva denga la tchalitchi likuyamba kulira, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu mpaka kutimiza mawu.

A Nalungwe anasiya kuyimba. Anapisa mapepala aja m'bulauzi kuti asanyowe, n'kupendeketsa mutu.

"Tamvera," anatero. "Malata ake."

Lamlungu lotsatira anapita kutchalitchi, n'kukakhala pamalo awo kutsogolo. A Silasi ndi amene analalikira. Mvula inagwa tsiku lonse, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anadonthedwa.